Bulauzi ya Amayi Inatuluka Yobiriwira

Atate anga anali opaka penti. Ntchitoyi anaiyamba atangofika mu Lusaka kuchokera kwathu ku Katete, asanakwatire n'komwe, ndipo anaigwira mpaka dzanja litawakana. M'mawa uliwonse ankatuluka m'nyumba yathu ku Kalingalinga atanyamula ndowa ya mabulashi, n'kuyenda wapansi kupita kumayadi kukapaka nyumba za mabwana. Tinkawazindikira ali patali chifukwa cha ovolosi yawo. Akuti poigula inali yabuluu, koma pamene ine ndinkakula inali itatola madontho a nyumba zonse zimene anagwirako.

Chimene anthu ankawafunira kwambiri chinali diso lawo. Munthu ankatha kuwaonetsa kansalu ka katani n'kunena kuti akufuna khoma lofanana nako. Atate ankakayang'ana kanthawi, n'kutuluka nako panja kukakaonanso padzuwa, kenako n'kuyamba kusakaniza penti. Zoyera zokha ankazidziwa zamitundumitundu. Ankati pali choyera cha mkaka, choyera cha laimu, choyera chopendekera kumtambo, ndi china chimene chimaoneka choyera m'chitini koma chikauma chimachita chikasu. Kwa ine zonsezo zinali zoyera basi.

Ine ndinabadwira m'komboni momwemo, ndipo ntchito ya atate sindinkaifuna ngakhale pang'ono. Ndinkaona mmene ankabwerera madzulo, msana utauma, zala zitang'ambika ndi parafini wotsukira mabulashi, ndipo mumtima ndinkati ine ayi. Nditamaliza sukulu ndinayamba kujambula zithunzi. Kwa zaka zingapo ndinkazungulira m'maukwati ndi m'matchalitchi kamera ili m'khosi, mpaka ndinapeza kachipinda kuseri kwa shedi ya kalipentala wina, pafupi ndi msewu umene amayalapo mabedi ndi mafelemu a zitseko. Kachipinda kameneko ndiko ndinakatcha situdiyo.

Ndinakapaka ndekha Loweruka lina, osawauza atate. Ndinasankha penti yobiriwira kwambiri, ngati tsamba la nthochi, kuti wodutsa pamsewu azikaona msanga. Ndinapaka makoma onse anayi ndi chitseko chomwe. Kumbuyo kwa mpando wokhalapo makasitomala ndinapachika nsalu yoyera. Ndinagulanso mafulashi awiri akale, nyale zija zimene zimang'anima ukamajambula. Imodzi inali yokalamba zedi, ndipo ambulera yake yobweza kuwala inali itachita chikasu. Inayo inali yabwinoko, koma kuwala kwake kunali kopendekera kubuluu. Kudenga kunali chubu chachitali cha magetsi chimene ndinachipeza momwemo. Kamera ndinaisiya pa oto, kutanthauza kuti izisankha yokha mmene mitundu iyenera kuonekera.

Pa ntchito yathu pali chinthu chimene timachitcha waiti balansi. Mwachidule, ndiko kuiuza kamera kuti m'kuwala muno, choyera chenicheni ndi ichi. Diso la munthu limadzikonza lokha. Malaya oyera umawaona oyera kaya uli pansi pa babu, padzuwa kapena pamthunzi. Kamera ilibe nzeru imeneyo. Ukapanda kuiuza imangolota, ndipo ikalakwitsa pa choyera imalakwitsanso pa khungu la munthu ndi pa zovala zake. Dzinalo ndinkaliona pa kamera, koma sindinkalilabadira. Makasitomala anga ambiri ankafuna tizithunzi ta pachitupa kapena ta ana awo, ndipo wina akadandaula kuti ndamudetsa ndinkangomuwalitsako pa kompyuta, iye n'kumapita akumwetulira.

Atate anabwera kudzaona situdiyo patapita milungu iwiri. Anali akuchokera kuntchito, ndowa ili m'manja. Anaima pakhomo n'kuyang'ana makoma nthawi yaitali. Sananene kanthu za mizere imene bulashi yanga inasiya, ngakhale ndikudziwa kuti anaiona. Kenako anasendera pa bolodi imene ndinamatapo zithunzi zokopera anthu, naloza cha mtsikana wina.

"Mwana uyu anavala diresi la mtundu wanji?"

"Loyera, atate."

"Loyera? Nanga bwanji likuoneka ngati madzi amene awiritsira masamba?"

Ndinaseka. Ndinati mwina ndi pepala. Iwo anapukusa mutu.

"Si pepala ayi. Khoma limabweza, mwana wanga. Ukawalitsa nyale m'chipinda chobiriwira, kuwala kumagunda khoma n'kubwerera pa munthu kutatenga mtundu wa khomalo. Ndiye nyale zakozi zilipo zitatu, ndipo sizikugwirizana. Iyi ndi yachikasu, iyo ndi yabuluu, ya kudengayo nayo ili ndi kubiriwira kwake. Ine penti sindiisankhira pansi pa chubu ngati icho."

"Kamera iyi ndi yamakono, atate. Imadziwa yokha."

"Chabwino," anatero, n'kunyamula ndowa yawo.

Ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, koma atate sanali munthu wosiya chinthu chokhota chili chokhota. Patapita masiku anabweranso, ulendo uno masana, atanyamula kathabwa kafulati kotalika ngati mkono. Anali atakapaka penti yotuwa ngati phulusa, yosanyezimira, bwinobwino mopanda mzere ngakhale umodzi. Tsiku limenelo munali atsikana awiri amene anabwera kudzajambulitsa atavala zovala za phwando la mnzawo wokwatiwa. Anali atadzola, akununkhira, mafoni ali m'manja. Atate analowa ndi ovolosi yawo ija, fungo la penti lili patsogolo.

"Ndakubweretsera ichi," anatero. "Ndasakaniza choyera ndi chakuda basi, mulibe china. Sichipendekera kulikonse. Uchiike pamene pamakhala munthupo, uchijambule, kenako uyerekeze chithunzicho ndi thabwali uli panja. Zikasiyana, udziwe kuti kuwala kwako kukunama. Ndipo Loweruka ndilibe ntchito. Ndikhoza kubwera kudzakupakira makomawa kuti akhale ngati thabwali. Penti yotsala ndili nayo."

Mmodzi wa atsikana aja anayang'ana mnzake n'kubisa pakamwa. Mwina ankaseka zawo zina, sindikudziwa. Koma ine ndinachita manyazi. Ndinaona ngati situdiyo yanga yonse yasanduka nyumba yosatha kumanga, ine n'kukhala mwana amene akumuphunzitsa kugwira bulashi. Kunyumba atate ndinkalankhula nawo Chichewa chakwathu, mwaulemu. Apa ndinawayankha m'chinyanja cha m'tauni, mokweza, kuti atsikanawo amve.

"Batata, pano si pa ntchito yanu. Vamapenti ni vanu, vamafoto ni vanga."

Atate sanakwiye. Anandiyang'ana pang'ono, kenako anayang'ana atsikana aja nawapatsa moni mwaulemu, ngati kuti ndi iwo amene alakwa kulowa. Thabwa lija analitsamiritsa kuseri kwa chitseko.

"Pepa, sindinadziwe kuti uli ndi alendo," anatero, natuluka.

Nkhani ya makoma sanaitchulenso. Ine sindinapepese. Tinkaonana kunyumba Lamlungu, kudya limodzi, kukamba za mvula ndi za abale akumudzi, ngati palibe chinachitika.

Chaka chomwecho amayi anga anavekedwa bulauzi kutchalitchi. Kwa amene sakudziwa, kumpingo kwathu mayi akamaliza maphunziro a gulu la amayi amavekedwa yunifomu pamaso pa mpingo wonse: bulauzi yoyera, duku loyera ndi siketi yakuda. Amayi anali atailakalaka zaka zambiri. Ankagulitsa tomato ndi repu kumsika, ndipo masiku a maphunzirowo ankagundana ndi masiku okaoda katundu, choncho ankayamba n'kusiya, kuyamba n'kusiya. Atamaliza maphunzirowo anatiuza ana tonse kuti aliyense apezeke, ndipo kwa ine anawonjezera kuti akufuna chithunzi chachikulu, cha iwo ndi atate, chojambulidwa mu situdiyo osati pabwalo la tchalitchi.

Bulauziyo anaichapa ngakhale inali yatsopano, naisita kawiri. Atate anatulutsa jekete yawo yofiirira imene ankangovala pamaliro ndi paukwati. Manja anawatsuka mpaka penti yonse ya m'zikhadabo itachoka. Mapemphero atatha anayenda awiriwo kuchokera kutchalitchi mpaka ku situdiyo, amayi akulambalala zithaphwi ndi fumbi la matabwa kuti nsapato zisade. Anthu a mumsewu ankawayamikira.

Ine ndinali pa changu. Masana omwewo ndinali ndi phwando loti ndikajambule ku Mtendere, ndipo nthawi inali itatha kale. Ndinawakhazika amayi pampando, atate n'kuima kumbuyo kwawo. Ndinayatsa mafulashi. Chitseko ndinachisiya chotsegula chifukwa kunkatentha. Atate anayang'ana kudenga.

"Chubu icho sungachizimitse?" anafunsa motsitsa mawu.

"Chisiyeni, sichikhudza kanthu," ndinayankha diso lili pa kamera.

Chikanatha kusakhudzadi kanthu ndikanakhala kuti ndinatchera kamera bwino. Koma m'mawa ndinkajambula m'tchalitchi, mmene munali mdima pang'ono, ndipo ndinali nditaitchera kuti izichedwa kutseka diso lake kuti kuwala kuzilowa kokwanira. Ndinaiwala kubweza. Choncho kuwala kulikonse kumene kunali m'chipindamo kunalowa: kwa chubu, kwa pakhomo, kwa mafulashi awiri osagwirizana, ndi kobwerera kumakoma. Ndinajambula kanayi. Ndinasuzumira pa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera, ndinaona kuti onse atsegula maso, n'kunena kuti tatha.

"Basi?" anadabwa amayi.

"Basi, amayi. Zatuluka bwino."

Ndinawasiya pakhomo akukonza duku, ine n'kuthamangira minibasi.

Zithunzizo ndinaziona bwino Lolemba m'mawa pa kompyuta. Bulauzi ya amayi inali yobiriwira paphewa limodzi, yachikasu paphewa linalo. Duku linkaoneka ngati lachapidwa limodzi ndi zovala zosuluka. Nkhope ya atate inali yotuwa mbali imodzi, ngati ya munthu amene wadwala miyezi. Ndinayesa kukonza. Ndikachotsa kubiriwira paphewa ili, linalo linkasanduka lapepo. Ndikabweza magazi pankhope ya atate, ya amayi inkafiira ngati njerwa. Ndinakhalapo mpaka masana, makasitomala akugogoda, koma sizinatheke. Kuwala kukalakwika mwa mtundu umodzi chithunzi chonse, umatha kukubweza. Kukasakanikirana kuchokera mbali zosiyanasiyana, palibe chimene ungachite.

Choyenera kuchita chinali chapafupi: kupita kunyumba, kunena kuti ndalakwitsa, valaninso tijambule. Bulauzi inalipo, jekete inalipo, situdiyo inali pamtunda wa mphindi khumi. Koma ndinkadziwa kuti atate akafunsa chifukwa chake, yankho likhala lija anandiuza kale. Ndinawauza amayi kuti makina osindikizira zithunzi zikuluzikulu awonongeka kutauni. Patapita mwezi anafunsanso, ndinati felemu yabwino sindinaipeze. Atafunsa kachitatu ndinati ndatanganidwa, ndibweretsa. Kenako anasiya kufunsa. Atate sanafunsepo ngakhale kamodzi.

Amene ananditsegula maso anali mayi wina wachikulire wa m'tauni, amene ankayendetsa makina osindikizira zithunzi kumene ndinkapititsa ntchito zanga. Anali atagwira ntchitoyo kuyambira nthawi ya mafilimu, ndipo sankanyengerera munthu. Tsiku lina atatsegula zithunzi zanga za banja lina, anatsitsa magalasi n'kundiyang'ana.

"Imwe, kodi mumajambulira m'munda wa chimanga? Nthawi zonse anthu anu amabwera obiriwira. Ndatopa kukukonzerani."

Ndinawafotokozera mmene situdiyo yanga inalili. Anandiuza kuti ndikhale pansi. Anati choyamba ndizimitse chubu ndi kutseka chitseko, kuti m'chipindamo muzilamulira fulashi yokha. Kamera izitseka diso lake msanga, pa liwiro logwirizana ndi fulashi. Ambulera yachikasu ndiitaye, ndipo ngati mafulashi awiriwo sakufananabe, ndigwiritse imodzi, mbali inayo ndiikeko chinthu choyera chobweza kuwala. Pa oto ndichokepo, chifukwa oto imasintha maganizo pa chithunzi chilichonse malinga ndi zimene munthu wavala. Kenako anatsegula kabati n'kutulutsa kakhadi kotuwa.

"Aka mumakaika pamene pakhale nkhope ya munthu. Mumakajambula ndi fulashi yomweyo, kadzaze chithunzi chonse, ndiye mumaiuza kamera kuti iyezere pa chithunzi chimenecho. Mukasintha nyale kapena ambulera, mumayambiranso. Ndipo makoma anuwo mupake otuwa kapena oyera."

Ndinakagwira kakhadiko. Mtundu wake unali uja wa thabwa la atate.

Nditabwerera ku Kalingalinga ndinalipeza kuseri kwa chitseko pamene analisiya, litachita fumbi ndi maukonde a akangaude. Ndinalipukuta ndi malaya anga. Ndinazimitsa chubu, kutseka chitseko, kuchotsa fulashi yokalamba ija. Makoma ndinawaphimba ndi nsalu zoyera zimene ndinabwereka kwa mkazi wa kalipentala. Thabwalo ndinaliimika pampando, kulijambula, n'kuitchera kamera monga anandiuzira mayi aja. Kenako ndinaitana kalipentala kuti akhale pampando ndiyesere. Analowa ndi pensulo kukhutu, utuchi uli m'tsitsi.

Chithunzi chake chinaoneka pa kompyuta. Anali iyeyo. Khungu lake lakuda bwino, lofiirira pang'ono pamasaya, vesiti yake yoyera yodetsedwa ndi thukuta m'khosi, zonse monga ndinkamuonera tsiku ndi tsiku. Iye anaseka nati, "Lero ndiye mwandijambula ine." Kwa zaka zonse zija ndinali ndisanajambulepo munthu n'kutuluka mmene alili.

Ndikanapita kunyumba tsiku lomwelo. Ndimabwerera pa tsiku limeneli kawirikawiri kuposa pa tsiku la atsikana aja, chifukwa pa tsiku la atsikana ndinali wosadziwa, koma apa ndinali nditadziwa. M'malo mopita, ndinapanga nzeru ina. Ndinati ndiyambe ndapaka makoma, ndigule ambulera yatsopano, zonse zikhale m'malo, kenako ndiwaitane adzajambulitsenso. Akalowa adzaona okha makoma otuwa ndi thabwa lawo pampando, adzamvetsa, ndipo sipadzafunika kuti nditsegule pakamwa kupepesa. Ndinkafuna kuti makoma andipepesere.

Ndiye inali nyengo ya maukwati, Loweruka lililonse ndinali kwina. Kenako mvula inayamba, denga la situdiyo linkadontha pakona, ndinati penti siigwira pakhoma lonyowa. Ndinapaka khoma limodzi n'kusiya.

Atate anagwa Lachinayi lina masana, ali kuntchito kumayadi. Sanagwe pamakwerero ayi. Anali atawerama pampopi akutsuka mabulashi, n'kungopendekera kumbali. Mlonda wa panyumbapo ndi amene anatiimbira foni. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anatuluka patapita milungu itatu, dzanja lamanja litafa, mwendo ukukoka, pakamwa patakhotera kumbali. Mawu anali atapita. Ankangotha kutulutsa liwu limodzi, lomwelomwelo, kaya akufuna madzi kaya akukana.

Ndinkapita tsiku lililonse kukawathandiza amayi kuwasambitsa ndi kuwatulutsa panja kuti aothe dzuwa. Tsiku lina tili awiri pakhonde, ndinawauza. Ndinati atate, thabwa lija ndikuligwiritsa ntchito. Munkanena zoona za khoma, za chubu, zonse. Ndinalakwa kukuyankhani mmene ndinakuyankhirani muja. Anandiyang'ana ndi diso lawo labwino, natulutsa liwu lawo lija. Sindikudziwa ngati linali lovomera, lokana, kapena ankangofuna ndiwasunthe chifukwa dzuwa linkawawomba kumaso. Ndinawasuntha.

Mlungu wotsatira ndinabwera ndi kamera, fulashi imodzi ndi thabwa. Ndinati ngati sangathe kufika ku situdiyo, ndiwajambulire kunyumba. Amayi anatulutsa jekete. Atate ataona kamera anatembenuzira nkhope kukhoma. Ndinazungulira mbali inayo, anatembenukanso, nakweza dzanja lawo lamanzere kuphimba pakamwa.

"Aleke," anatero amayi. "Safuna kuti anthu adzawakumbukire chonchi."

Ndinabweza zonse m'chikwama. Atate anakhala nafe miyezi ina inayi, namwalira m'nyengo yozizira, m'mawa, amayi akuwakonzera phala.

Pamaliro panafunika chithunzi choika pabokosi ndi pa mapepala a ndondomeko ya mwambo. Azakhali anga, mlongo wawo wa atate amene anabwera kuchokera ku Katete, ndi amene ankayendetsa zinthu kumbali ya banja. Anandiitana pakati pa anthu nati, "Iwe ndiye mwini makamera. Tibweretsere chithunzi chabwino cha atate ako."

Ndinafufuza paliponse. Ndinali ndi zithunzi za anthu osawerengeka, ana a eni, akwati a eni, koma za atate ndinapeza zitatu zokha. China anali patali paukwati wa mlongo wanga, atatembenuka. China chinali cha pachitupa, chakale. Chotsala chinali chija cha tsiku la bulauzi. Ndinadula mbali ya atate, n'kuchotsa mitundu yonse kuti chikhale chakuda ndi choyera. Kubiriwira konse kunabisika. Anaoneka bwino, ataima mowongoka, jekete ili pamalo pake.

Azakhali atachilandira anachitembenuza uku ndi uku.

"Chopanda mtundu? Ngati cha makolo akale? Munthu wa penti moyo wake wonse, mwana wake wojambula, koma osapezeka chithunzi cha mitundu?"

Ndinati ndi mmene zimakhalira zithunzi zaulemu masiku ano. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti anthu ambiri pamaliropo anachiyamikira. Ankabwera kudzandigwira dzanja n'kumati ndawalemekeza atate, chithunzicho n'chapamwamba. Mkulu wina wa mpingo anapempha kuti ndidzamujambule chotero. Ndinkangoti zikomo.

Patatha miyezi ingapo, amayi anaganiza zobwerera kumudzi. Anati msika wawatopetsa, ndipo nyumba ya ku Kalingalinga yakula. Kutatsala masiku awiri kuti anyamuke anabwera ku situdiyo. Aka kanali koyamba kulowamo chichokere tsiku lija. Anakhala pampando wa makasitomala, chikwama chili pamiyendo.

"Chithunzi cha pamaliro chija unachidula pa chathu chija, eti? Ndinaona nsonga ya duku langa m'munsi mwake."

"Inde, amayi."

"Ndiye kuti chilipo. Makina aja sanawonongeke."

Ndinawauza zonse. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anati ndiwaonetse. Ndinatsegula kompyuta n'kuitembenuzira kwa iwo, ine ndikuyang'ana pansi. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako ndinamva akuseka pang'ono, kuseka kwa m'mphuno.

"Bulauzi yanga yonse ija! Ngati ndagona nayo paudzu." Anasendeza nkhope pafupi. "Koma taona atate ako. Akafuna kuseka koma akudziletsa, pakamwa pankakhala chonchi. Ndi dzanja ili anali atandigwira paphewa, ndinkalimva kulemera."

Ndinati ndikhoza kuchipanga chakuda ndi choyera chonse, chioneke bwino. Anakana. Anati akufuna chomwecho mmene chilili, chachikulu, monga anapemphera poyamba. Ndinati nanga bwanji mawa avale bulauzi ndiwajambule bwinobwino, popeza tsopano ndikudziwa kachitidwe kake.

"Ndekha? Iyayi," anatero.

Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Kenako anandiuza chinthu chimene sindinkachidziwa. Anati tsiku lija nditawasiya pakhomo n'kuthamangira minibasi, atate sanafune kupita kunyumba msanga. Anawatengera amayiwo pa kantemba, kagolosale ka pamsewu, nawagulira chakumwa chozizira ndi mabanzi awiri, chinthu chimene sanachitepo chikwatirane. Anakhala pabenchi atavala zovala zawo za tchalitchi, akuyang'ana chitseko cha situdiyo. Munthu aliyense wodziwana nawo akadutsa, atate ankamuimitsa n'kumuloza chitsekocho, amvekere, "Apo ndi pa mwana wanga. Mukafuna chithunzi muzipita pamenepo."

Ine miyezi yonse ija ndinkaganiza kuti anachoka ali okhumudwa nane.

M'mawa mwake ndinapita kutauni kukasindikiza. Mayi a makina aja atachitsegula anatambasula dzanja kuti ayambe kukonza, koma ndinawapempha kuti asachikhudze. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, nayang'ananso chithunzicho, n'kuchisindikiza mmene chinalili. Kalipentala anandipangira felemu ya mukwa tsiku lomwelo. Amayi anachikulunga m'zitenje ziwiri, nakana kuti chiikidwe kumalo a katundu. Anachinyamula pamiyendo ulendo wonse wa ku Katete.

Ndakhala ndikupitako kukawaona. Anachipachika pabalaza moyang'anizana ndi zenera, pamene dzuwa lamadzulo limafika, ndipo chayamba kufwifwa. Ndinawauza kuti achisunthire kukhoma lina, kapena ndiwabweretsere china chatsopano. Anati pamenepo ndi pamene amachiona bwino akakhala pampando wawo, ndichisiye.